Miyendo ya Edina ndi Mapiritsi Amene Ndinabisa

Amayi anzanga, mtendere ukhale nanu nonse. Akumpando, zikomo pondipatsa mpata. Mawondo angawa ndi okalamba, koma lero andinyamula okha, ndipo mtima ukuvina m'chifuwamu ngati wa namwali. Ndikayamba kuimba pakati pa nkhani musadabwe, ndi mmene ndinabadwira. Ndikayamba kulira mundidikire.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine Nachisale wa ku Thyolo, wothyola tiyi kuyambira utsikana mpaka msana unakana. Sukulu ndinangoisuzumira pakhomo. Kuno ku Cape Town ndinabwera kudzadikirira mwana wanga Edina pa mimba yake yoyamba, ndipo mwini wakeyo wandilola kuti ndinene zonse, zoyera ndi zakuda zomwe.

Ndikuona apakati atatu muno. Wina uyo akusisita katumba wa mwendo pansi pa benchi. Ndakuona mwanawe, usabise. Ndikuonanso agogo anzanga amene munakhala m'basi masiku atatu kudzathandiza ana anu. Inuyo makamaka, tcherani khutu. Ine sindinagwe ndi mowa, sindinagwe ndi kuba. Ndinagwa ndi chikondi chopanda maso, ndipo ndinatsala pang'ono kupha mwana wanga ndi mdzukulu wanga pa tsiku limodzi.

Ndinali ndi mng'ono wanga, dzina lake Esinati. Anamwalira pobereka, mutu wake uli pamiyendo panga. Pa maliro azimayi akuluakulu anati, "Ndi timapiritsi tofiira ta kusikelo tija. Timakulitsa mwana m'mimba." Mawu amenewo ndinawameza osatafuna. Anakhala m'kati mwangamu zaka ndi zaka, phee, kudikira tsiku lawo.

Ndinafika ku Dunoon, kumene amakhala kuno ku Cape Town, mimba ya Edina ili miyezi inayi. M'chikwama ndinanyamula zinthu ziwiri zamtengo wapatali: masamba a tiyi wakwathu, ndi jumbo yodzaza dothi lachulu lowotcha bwino, poti pafoni anachita kundipempha, "Amayi, dothi musaiwale, ndikumalilota." Nyumba yawo mukuidziwa, ndi ngati zanu zomwe: chipinda chimodzi cha malata, katani pakati. Apongozi anga aLikoswe ndi mlonda wa usiku ku Montague Gardens, ndiye tinkasinthana ngati dzuwa ndi mwezi. Iwo akamalowa m'mawa, ine ndimatuluka kukakhala panja pa kreti. Edina ankasita nsalu za m'mahotela kumalo ochapira ku Milnerton.

Tsiku lachiwiri ndinationa timapiritsi tija. Tofiira, tosalala, tili m'kapepala pa shelefu. Edina anameza kamodzi, nkhope n'kuikwinya.

"Timandichititsa nseru, amayi. Fungo lake ngati msomali wadzimbiri."

Satana safuula, amayi anzanga. Amalankhula ndi mawu a mayi wachifundo.

"Bwera nato kuno," ndinatero. "Ndizikuperera m'phala, sudzamvanso fungo."

Anandipatsa kapepala konse, akumwetulira. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ndinkatembenukira kukhoma, supuni pa mbale, kwe, kwe, kwe, kupera mphepo. Piritsi lili m'dzanja lamanzere. Iye akatuluka, ndinkaliponya m'kabotolo kakale ka mafuta odzola, kabotolo n'kulowa m'chikwama momwe ndimasunga pasipoti. Kutaya sindinkafuna. Ndinkati akadzachira ndidzam'patsa, mwana ali kale panja, sangakulenso m'mimba. Mwaona nzeru zakezo?

Mwezi wachisanu unadutsa. Wachisanu ndi chimodzi anabwera kuchokera kukiliniki nati, "Akuti magazi achepa, ndizimwa awiri pa tsiku." Ine ndinati chabwino. M'kabotolo munayamba kugwa awiri. Ndinakam'gulira zakumwa zofiira pa sipaza, kagolosale kapafupi, ati zibwezeretse magazi. Tiyi ndinkam'patsa wakuda bii, m'mawa, masana pobwera, madzulo pa chakudya. Dothi ankakukuta ngati mtedza, ine ndikusekerera kuti mwana wanga wakumbuka kwawo.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri miyendo inadzuka.

"Amayi, miyendo yangayi."

"Yatupa?"

"Ayi."

"Ikuwawa?"

"Bola ikanawawa. Muli zinthu m'kati, m'fupa mwenimwenimo, ngati linthumbwi likuyenda. Sindingakande, sindingafike. Ndikaimirira zikuleka. Ndikangokhala pansi zabwera."

Akakhala, yadzuka. Akagona, yadzuka. Akayenda, yagona. Imeneyo ndiyo inali nyimbo ya m'nyumba mwathu. Dzuwa likamapendeka yayamba pang'onopang'ono, mdima ukagwa yafika pachimake. Chipindacho ndi masitepe anayi kupita, anayi kubwera. Mwana wanga ankayenda anayi kupita, anayi kubwera, manja atagwira m'chiuno, mimba patsogolo, mpaka matekisi oyamba kuyamba kuliza mahutala. Aneba ankagogoda malata. M'tekisi ankatsika pakati pa njira, ndalama atalipira kale, chifukwa kukhala mopanikizana kunali ngati kum'wotcha. M'tchalitchi ena mwa inu munkamuona ataima kumbuyo ulaliki wonse, n'kumati ndi mwano. Kuntchito anasinza ataimirira, simbi n'kuwotcha nsalu ya hotela. Anam'bweza kunyumba, ati adzabwere akadzachira.

Ndipo ine, dokotala wamkulu wa ku Thyolo, ndinayamba kuchiza. Ndinati ndi kufooka, tiyi ndinamuwonjezera masamba. Mayi wina woyandikana nafe anandipatsa mapiritsi a chimfine aja ogonetsa, ndinam'mwetsa. Amenewo sindinaope, poti sanali ofiira. Usiku umenewo zinakwera mpaka m'manja, mwana wanga ankakupiza mikono ngati nkhuku yodulidwa khosi. Atafuna kukanena kukiliniki ndinamuletsa. "Ukawauza kuti m'mafupa muli nyerere akakuyesa wamisala. Limba mtima, ndiwe mkazi."

Kenako ndinafuna wolakwa, poti wolakwa weniweni sadziyang'ana. M'mawa wina apongozi atangolowa, ndinalankhula kuseri kwa katani, mokweza, ngati ndikuuza khoma.

"Kwathu wapakati akamavutika chonchi timafunsa bambo wa nyumba kumene akumaponda."

Kenako mawu awo, otopa: "Amayi, ine ndimaponda mozungulira mpanda wa fakitale kuyambira sikisi mpaka sikisi. Makamera alipo, akhoza kukaonetsedwa."

Edina sanaseke. Anawayang'ana amuna ake ndi diso lina, diso limene ndinam'patsa ine. Sabata yonse m'nyumbamo munalibe moni.

Tsopano ndafika pansi penipeni. Ndigwireni, amayi.

Mimba inali italowa mwezi wachisanu ndi chitatu. Edina anali atatha masiku ambiri osagona tulo toposa kuphethira. Milomo yoyera, maso olowa, akakwera kasitepe ka pakhomo wefuwefu. Madzulo ena anakhala pansi pa simenti n'kuyamba kudzimenya m'miyendo ndi chipande.

"Amayi, kabwerekeni chikwanje mundidule. Ndatopa. Sindikufunanso kuti kuche, sindikufuna kuti kude."

Ndinam'landa chipande. Ndinati, "Miyendo yosamva timaimanga. Ikaona kuti palibe kopita igona."

"Mangani," anatero. "Chilichonse, mangani."

Ndinavula chitenje changa, ndinachipota, ndinamanga akakolo onse awiri ku chitsulo cha bedi. Mfundo ziwiri, zolimba, za munthu wozolowera kumanga mitolo. Analira, anaphiriphitha, bedi likulira nalo. Kenako kutopa kunam'gonjetsa, anagona. Ine ndinati ndapambana. Ndinayala mphasa yanga pansi, ndinathokoza Mulungu, tulo n'kundiba.

Khu!

Miyendo inamudzutsa, iye anaiwala kuti ndi womangidwa. Anadzambatuka kuti ayende. Thupi linapita, mapazi anatsala. Anagwa cham'mbali, mimba n'kumenya pa ndowa ya madzi. Ndinayatsa getsi, mfundo zija zikukana zala zanga zomwe, mpaka ndinadula chitenje ndi mpeni.

Magazi sanatuluke. Madzi sanasweke. Koma Edina anaika manja pamimba n'kukhala chete, kumvetsera.

"Amayi, sakugunda."

"Wagona."

"Nthawi ino sagona. Nthawi ino amavina nane."

Ndinam'patsa madzi ozizira. Zii. Ndinam'goneka cha kumanzere. Zii. Ndinaika khutu langa pamimba, ndinangomva mtima wanga womwe. Tinaimbira apongozi, anasiya geti ndi mnzawo, anapeza galimoto ya munthu wa kutchalitchi. Kunja kukuyera tinali pa benchi ya kukiliniki ya amayi oyembekezera, chikwama changa chili pamiyendo, poti kuno pasipoti sitisiya m'nyumba.

Anatilandira sisita wina, namwino wachikhosa, wamkulu thupi, magalasi olendewera pa chingwe. Apongozi anawasiya panja. Ine anandilola kulowa, nandiloza mpando wa pakona, "Makhulu," ndiko kuti agogo. Anam'goneka Edina, anam'paka mafuta pamimba, n'kuikapo kamakina komvera mtima wa mwana.

Fooo, ngati mphepo ya kuno ikamalowa m'malata. Anasuntha. Fooo. Anasunthanso, pansi pa mchombo. Fooo. Edina maso ali kudenga, milomo ikuyenda popanda mawu. Ine ndinalonjeza Mulungu zinthu zonse zimene ndinali nazo ndi zimene ndinalibe. Sisita anakanikiza cham'mbali, kumene sikunamenyedwe.

Thi-thi-thi-thi-thi-thi.

Ngati atsikana awiri akusinja mumtondo umodzi! Ali moyo, ali moyo, kamtima kakuthamanga, ali moyo! Ndinagwada pansi pomwepo. Ndinkayesa kuti nkhani yatha. Nkhani inali isanayambe.

Pom'funditsa, sisita anaona akakolo. Mizere iwiri yofiira, khungu losupuka. Anavala magalasi. Anafunsa m'Chizungu, Edina anayankha nthawi yaitali, akuloza miyendo, akuyendetsa zala ngati nyerere. Ndinkadikira kuti sisita aseke. Sanaseke. Anagwedeza mutu ngati munthu wakumana ndi mlendo amene amam'dziwa.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti si misala, si zolodzedwa, si za mwamuna. Ndi matenda odziwika, a miyendo yosakhazikika. Amagwira apakati ambiri, makamaka amene magazi awo achepa."

Sisita anam'tsitsa chikope. M'kati moyera ngati chinangwa chosenda. Anam'baya chala, anaika kadontho m'kamakina, anayang'ana nambala, anayang'ana khadi la sikelo, anayang'ananso nambala. Nkhope yake inasintha. Anafunsa funso lalifupi. Edina anayankha msanga, akuika dzanja pamtima. Sisita anafunsanso. Edina analoza ine, akumwetulira pang'ono, monyadira.

"Akufunsa ngati ndimamwa mapiritsi. Ndawauza kuti sindinaphonyepo tsiku, amayi anga amandiperera m'phala."

Sisita anakhala pansi n'kuyamba kulemba kalata. Ankalemba akulankhula, ndipo ndinaona kumwetulira kwa mwana wanga kukuzima.

"Amayi, akuti ngati ndikumwa awiri pa tsiku koma magazi akutsikabe chonchi, ndiye kuti pali china chikuwadya m'thupimu. Akunditumiza kuchipatala chachikulu akafufuze. Akuti ndi magazi amenewa, pobereka ndikangotaya ochepa..." Anandigwira dzanja. "Amayi, ndili ndi matenda anji ine? Mwanayu adzam'lera ndani?"

Amayi anzanga, chikwama chija chinayamba kutentha pamiyendo panga ngati mbaula.

Ndikanatha kukhala chete. Ndani akanandifunsa? Chizungu sindidziwa, Chikhosa sindidziwa, ndine nkhalamba ya pakona. Madokotala akanafufuza chimene kulibe, masiku akupita, ine n'kukataya kabotolo m'ngalande, n'kufa nacho chinsinsi changa ndili mayi wabwino. Ndipo kuti ndiulule, panalibe pakamwa pena podutsira. Mawu anga kuti akafike kwa sisita anayenera kudutsa m'kamwa mwa munthu yemwe ndinam'lakwirayo.

Cholembera chinkayenda pa pepala, tse, tse, tse. Kamtima kaja kankamvekabe m'makutu mwanga.

"Edina."

"Amayi?"

"Uwauze asisita kuti sunamwe."

"Ndamwa, amayi. Si inu mumandipatsa?"

"Uwauze kuti m'phala munalibe kanthu."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo cha mizimu. Ndinatsegula chikwama. Chivindikiro cha kabotolo chinakana kawiri. Kachitatu chinatseguka, ndinakhuthulira pa tebulo la sisita. Mbwee! Tofiira tokhatokha, kugubuduka pa khadi, pa kalata, ena pansi, ena kunsi kwa bedi. Miyezi inayi ya magazi a mwana wanga.

M'chipindamo munangomveka piritsi limodzi likuzungulira pa simenti mpaka linagona.

"Uthini umakhulu?" anatero sisita. Ndiko kuti, agogowa akuti chiyani?

Edina anachotsa dzanja lake m'dzanja langa. Anatembenukira kwa sisita, n'kumasulira. Mawu ake anali osalala, opanda misozi, ngati akuwerenga nkhani ya munthu wina. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma ndinamva zonse.

Sisita sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakoka mpando wake n'kudzakhala maso ndi maso ndi ine.

"Akufunsa chifukwa chake," anatero Edina, akuyang'ana khoma.

Ndinanena za Esinati. Edina ankamasulira za mayi ake aang'ono amene sanawaonepo. Ndinati anavutika masiku awiri m'nyumba, akuluakulu anati mwana anakula ndi mapiritsi.

"Akufunsa kuti mwanayo anakanika kutuluka?"

"Ayi, anatuluka. Analira. Ali moyo mpaka lero, ali ndi ana ake."

"Ndiye akufunsa kuti chinawapha n'chiyani."

Ndinatsegula pakamwa. Ndinaona mphasa ija. Ndinaona nsanza zimene tinkasintha, kusintha, kusintha, osauma. Ndinaona milomo ya Esinati ikuyera, kuyera ngati ya mwana wanga amene anali patsogolo pangayu.

"Magazi," ndinatero. "Anatha magazi."

Zaka zonsezo ndinali nazo m'maso, koma ndinali ndisanazionepo. Sisita analankhula pang'onopang'ono, Edina akutsatira pambuyo: mapiritsi aja sakulitsa mwana kuti akanike njira. Amam'sungira mayi magazi, kuti tsiku lobereka akataya ena, ena atsale.

Poti ndinali nditayamba kusanza, ndinasanza zonse. Tiyi katatu pa tsiku. Dothi la m'jumbo. Mapiritsi a chimfine. Pa chilichonse sisita ankatseka maso, "Hayi, Makhulu." Anati tiyi wakuda ndi dothi zimatsekereza chakudya kuti chisasanduke magazi, ndipo kulakalaka dothi komweko kumakhala kulira kwa thupi loti magazi achepa. Anati mapiritsi ogonetsa a chimfine amaipsa mtima miyendo yotereyi. Chilichonse chimene ndinachita ndi manja achikondi chinali nkhuni pamoto.

Kalata ija anaing'amba n'kulemba ina. Kuchipatala chachikulu tinapitabe, koma tsopano akudziwa chimene akukachiza. Anam'goneka, anamuyang'anira mwana tsiku lonse chifukwa cha kugwa kuja, n'kumuika diripi ya mankhwala owonjezera magazi, akuda ngati tiyi wanga yemwe uja, poti nthawi yodikira mapiritsi okha inali itachepa.

Tsopano njira yobwerera. Si yaifupi, musanamizidwe.

Choyamba ndinagwada pamaso pa apongozi anga, pakhomo, masana, katani palibe. Ndinati ndinakunamizirani. Iwo anasowa poyang'ana. "Dzukani amayi, anthu aziti chachitika n'chiyani pano." Koma ndinamaliza mawu anga ndisanadzuke.

Edina sanandilankhule sabata ziwiri. Chipinda chimodzi, masitepe anayi, koma ngati wina ali ku Thyolo wina ku Joni. Mawu ankadutsira mwa amuna ake. "Auzeni amayi asakhudze mbale yanga." Apongozi, munthu amene mwamwambo sayenera n'komwe kundiyang'ana m'maso, ndiye anasanduka mtumiki. "Amayi, akuti mbale." Ndinkayankha kuti ndamva. Sindinadandaule. Ndinali nditagula zimenezo ndi manja anga.

Mapiritsi anabwerera m'manja mwa mwini wake. Ankameza yekha, ndi madzi, n'kudya lalanje, monga anamuuzira sisita, kutali ndi mkaka ndi tiyi. Akam'chititsa nseru kapena kum'manga m'mimba ankakanena kukiliniki, iwo n'kumuuza chochita, osati kusiya. Chimbudzi chikada musaope, ndi mmene amachitira. Dothi ndinakalitaya ndekha. Tiyi wanga wa ku Thyolo ndinam'gawira aneba, m'nyumba munalowa tiyi wofiira wakuno uja wopanda ukali. M'poto munalowa nyemba, sipinachi, nsomba za m'chitini, kanyama pamene kapezeka, ndi mazira. Ee, mazira, agogo anzanga! Zoti mwana adzabadwa wopanda tsitsi zisiyeni, ndidzakuonetsani mutu wake.

Masana, dzuwa lisanapendeke, ankayenda ndi amuna ake mpaka pamsewu waukulu n'kubwerera, ine ndikutsatira patali ngati galu wolakwa. Madzulo ankatsamira khoma ndi manja, mwendo umodzi kumbuyo, kukoka akatumba, uku ndi uku. Kenako mapazi m'beseni la madzi ofunda. Apongozi asanapite ku shifiti ankam'sisita miyendo ndi mafuta, kuyambira kuchidendene kukwera. Ikadzuka usiku sankalimbana nayo. Ankadzuka, kuyenda pang'ono, kupinda zovala za mwana, kuluka kachipewa, ikatopa n'kubwerera pabedi. Njira yake tinkaisiya yoyera, ndowa kutali, getsi laling'ono loyaka. Ndipo chingwe, chitenje, lamba, chilichonse chomangira, ayi, ayi, ayi. Miyendo imeneyi simangidwa.

Sizinathe tsiku limodzi. Sabata yoyamba chimodzimodzi. Yachiwiri anagona maola awiri osadzuka. Yachitatu ndinadzidzimuka m'bandakucha chifukwa cha phokoso lachilendo, ndinapeza ndi mkonono wa mwana wanga. Ndinaimba chamumtima, kuopa kum'dzutsa: gona, gona, wagona Edina, linthumbwi lasamuka, wagona Edina. Silinasamuke lonse, madzulo ena linkabwerako, koma tsopano linali loti munthu n'kupirira.

Ndiye iwe mwanawe wa pa benchi, mawa m'mawa upite kukiliniki. Ukanene mmene ukumvera, ngakhale zikumveka ngati zamisala. Ukapemphe akuyeze magazi. Usamwe kanthu kogonetsa kopatsidwa ndi neba. Ndipo inu agogo anzanga, mantha amene munabwera nawo m'basi, atulutseni, muwaike pa tebulo pamaso pa ana anu ndi pa anamwino. Mantha obisika ndi amene amapha. Ngati pali amene ali ndi kabotolo kake muno, sindikufunsa kuti aimike dzanja. Akakatsegule lero, dzuwa lisanalowe.

Tsiku lake linafika Lachiwiri m'mawa. Chifukwa cha mbiri ya magazi ija anati akachirire kuchipatala chachikulu. Edina analowa yekha. Ine ndi apongozi pa benchi, uyu kumapeto uku, uyu kumapeto uko. Masana namwino anatuluka n'kulankhula ndi apongozi. Ndinaona nkhope yawo ikuwala, kenako n'kugwa.

"Mwana wabadwa, wamkazi, ali bwino. Koma mayi ake akutaya magazi. Akuti tidikire."

Amayi, mawu omwe aja. Mwana wabadwa, koma mayi. Ndinakhala pansi pa simenti ya chipatala, anthu akundilambalala. Sindinapemphere ndi mawu, mawu anathawa. Ndinkangowerenga m'mutu masabata amene anamwa mapiritsi ndi dzanja lake, ndi diripi ija, n'kumafunsa, akwana kodi? Atsalako kodi? Chitseko chikatseguka mtima uli m'kamwa, chikatsekeka mtima uli kumapazi. Anamwino awiri analowa mothamanga. Wina anatuluka ndi nsalu m'manja, sanatiyang'ane.

Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Namwino uja anabweranso, akuvula magolovesi, n'kunena mawu ochepa. Apongozi anga, bambo aulemu wawo, anaiwala mwambo wonse, anandigwira mapewa onse awiri n'kundidzutsa.

"Asiya! Magazi asiya, amayi! Akuti ali maso, akufunsa chakudya!"

Anatsala! Anataya ena, ena anatsala! Lululululu! Alonda a chipatala anabwera kudzanditontholetsa, ndinawavinira iwo omwe!

Miyendo nayo, patangopita masiku ochepa atachira, inagona tulo tofa nato mpaka lero.

Atatuluka m'chipatala, m'mawa woyamba kunyumba, ndinatereka madzi, ndinathira m'beseni, ndinayesa ndi chigongono, n'kutuluka kukakhala pa kreti panja. Kwathu wosambitsa khanda koyamba ndi agogo ake. Koma ine udindo umenewo ndinali nditautaya, ndipo sindinayembekeze kanthu. Ankandilankhula tsopano, inde, koma mawu a mchere uli kuti, chitseko tsekani.

Ndinamva kamwana kakulira m'kati. Kenako:

"Amayi."

"Ee?"

"Madzi akuzizira."

Ndinalowa. Anali atakhala pabedi, mwana ali pachifuwa, tsitsi lakuda bii mpaka m'makutu.

"M'madzimo mwaikamo chiyani?"

"Madzi okha, mwanangu."

"Mizu ya kumudzi mulibe?"

"Mulibe."

"Tambasulani manja."

Ndinatambasula, onse awiri. Anayang'ana m'kati. Anati nditembenuze, ndinatembenuza. Anati nditanyule zala, ndinatanyula, chimodzichimodzi, nkhalamba ya imvi ngati mwana woba shuga. Ndinaona kukamwa kwake kukunjenjemera, sindinadziwe ngati ndi kuseka kapena kulira, mwina iyenso sanadziwe.

"Chabwino," anatero. "Musawatseke."

Ndipo m'manja otsegula omwewo anandiikiramo mdzukulu wanga.

Ameni, amayi anzanga. Ameni.